Woimba Kumbuyo: Kuchokera ku Chicago Mpaka ku Chileka

Chimbale chikatuluka, pachikuto pake pamalembedwa dzina limodzi. Dansi ikalengezedwa, pachikwangwani pamaikidwa nkhope imodzi, ya uja amene adzagwire maikolofoni. Mbiri ya nyimbo nayonso imatsata njira yomweyo: imasunga maina a otsogolera, n'kuiwala anthu anai kapena asanu amene anaima kumbuyo kwawo usiku wonse. Komabe aliyense amene anaimbapo m'gulu, kaya m'kwaya ya kutchalitchi kaya m'bandi ya paukwati, amadziwa kuti nyimbo imaima kapena kugwa chifukwa cha anthu akumbuyowo.

Kuimba kumbuyo kwa mnzako ndi luso palokha, ndipo lili ndi mbiri yake. Njira yabwino yoitsatira mbiriyi ndiyo kulondola kachida kamodzi kakang'ono, hamonika, kamene akuluakulu ambiri kuno amakadziwa ndi dzina lakuti mouth organ, pamodzi ndi mnzake wapamtima, chitoliro chachitsulo cha nyimbo za kwela. Ulendo wa zida ziwirizi ukudutsa ku Chicago, ku Johannesburg, ku Salisbury ndi ku Chileka, ndipo pomaliza ukutifikitsa pabwalo la gule m'midzi ngati ya ku Zemba, m'boma la Chadiza.

Kachida ka m'thumba

M'chaka cha 1857, mmisiri wa mawotchi dzina lake Matthias Hohner anayamba kupanga mahamonika m'tauni ya Trossingen ku Germany. Mtundu wake wotchuka kwambiri, wotchedwa Marine Band, unatuluka mu 1896 ndipo ukupangidwabe mpaka lero. Hamonika imeneyi ili ndi mabowo 10, ndipo m'bowo lililonse muli timalilime tiwiri tachitsulo. Kamodzi kamalira ukauzira mpweya, kena kamalira ukaukoka. Amene anaipanga ankaganizira nyimbo za kwawo ku Ulaya, zimene mbali yake yaikulu imaimbidwa pouzira.

Kumwera kwa dziko la America, m'zigawo za Mississippi, Louisiana ndi Tennessee, kunali anthu akuda, ana ndi adzukulu a akapolo, amene ankalima thonje m'minda ya eni. Piyano kwa iwo inali maloto chabe, koma hamonika inali yotsika mtengo ndiponso yokwana m'thumba la malaya. Ataigwira, anaigwiritsa ntchito m'njira imene mwini fakitale sanaiganizire. Anapeza kuti ukatenga hamonika ya kiyi ya A n'kuimbira nyimbo ya kiyi ya E, mau ofunika kwambiri amagwera pa mabowo okoka mpweya. Anapezanso kuti mau okokawo amapindika: ukasuntha lilime ndi kusintha mpata wa kukhosi, liu limatsika pang'ono, n'kumveka ngati munthu akubuula kapena sitima ikulira patali. Kalizidwe kameneka ndiye maziko a hamonika ya nyimbo za blues.

Mpata pakati pa mizere

Kuti timvetse ntchito ya woliza hamonika, tiyenera kuona mmene nyimbo ya blues imamangidwira. Ndime imodzi imakhala ndi mizere itatu. Woimba amatchula mzere woyamba, amaubwereza, kenaka wachitatu umamaliza ganizo. Ndime yonse imayenda pa zigawo 12 zofanana za nthawi, zimene oimba amati mabala, ndipo mzere uliwonse uli ndi mabala anai. Mau a woimba amatenga pafupifupi theka la mabala anaiwo. Theka linalo limatsala lopanda mau.

Mpata wotsalawo ndiyo nyumba ya hamonika. Woimba akamaliza mzere, hamonika imamuyankha, ndipo asanatsegulenso pakamwa iyo imakhala itakhala kale chete, kapena itatsikira pansi kwambiri n'kumangogwirizira kayendedwe ka nyimbo. Popeza liu la hamonika limakhala pafupi ndi liu la munthu, ziwirizi zikalira nthawi imodzi zimaphimbana, omvera osamva mau. N'chifukwa chake woliza waluso amathera nthawi yambiri akumvetsera kuposa akuliza.

Mmodzi mwa oyamba kusonyeza zimenezi pa mbale za galamafoni anali John Lee Williamson, wodziwika kuti Sonny Boy, amene anabadwira ku Tennessee mu 1914. Anayamba kujambula nyimbo mu 1937, ndipo kuwonjezera pa nyimbo zake, anathandiza pa mbale zambiri za anzake monga Big Joe Williams. Anaphedwa ndi achifwamba ku Chicago mu 1948, koma pofika nthawiyo anyamata ambiri anali atatengera kale kalizidwe kake.

Sukulu ya pamsika

Pakati pa 1910 ndi 1970, anthu akuda pafupifupi 6 miliyoni anachoka kumwera kwa America kupita kumizinda ya kumpoto ndi kumadzulo, kuthawa tsankho ndi umphawi wa m'minda. Ambiri a ku Mississippi anakatsikira ku Chicago. Kumeneko kunali msika waukulu wa mu msewu wa Maxwell Street, umene Lamlungu unkadzaza ndi ogulitsa zovala zakale, zitsulo ndi zakudya. Oimba ankakhala m'mbali mwa msewu, n'kukoka magetsi kuchokera m'nyumba zapafupi kuti zokuzira mau zawo zilire. Mnyamata wofika kumene m'tauni ankaima pafupi, n'kupempha kuti alowe nawo.

Kuimba kotereku, kumene pa Chingerezi amati jam session, kulibe kukonzekera. Wotsogolera amangotchula kiyi, n'kuwerenga kayendedwe, basi nyimbo yayamba. Woliza hamonika ankayenda ndi mahamonika angapo chifukwa iliyonse ili ndi kiyi yake, ndipo akatulutsa yolakwika m'thumba aliyense ankamva nthawi yomweyo. Kunalibe mphunzitsi wolemba pabolodi. Mayeso ake anali amodzi okha: kodi akuitananso sabata yamawa?

Pamsika umenewu panakulira luso la Marion Walter Jacobs, wodziwika kuti Little Walter, mnyamata wa ku Louisiana amene anafika ku Chicago chapakati pa zaka za m'ma 1940. Cha m'ma 1948 analowa m'bandi ya Muddy Waters. Magitala anali atayamba kulira ndi magetsi, ndipo hamonika inkamira m'phokoso. Little Walter anafumbata kamaikolofoni kakang'ono pamodzi ndi hamonika m'manja mwake, n'kukalumikiza ku chokuzira mau, ndipo liu lake linanenepa mpaka kufanana ndi la saksofoni. Iye sanali woyamba kuyesa zimenezi, koma ndiye anazisandutsa luso.

Mu 1952 anajambula nyimbo yopanda mau yotchedwa "Juke", imene inakhala pamwamba pa mndandanda wa nyimbo za rhythm and blues wa magazini ya Billboard kwa masabata 8. Atatchuka chotero anachoka m'bandi ya Muddy Waters n'kuyambitsa yake. Chochititsa chidwi n'chakuti kampani ya Chess inapitiriza kumuitana kuti azikaliza kumbuyo kwa Muddy Waters pojambula nyimbo m'zaka zonse za m'ma 1950, ndipo iye ankapita. Mukamvetsera mbale zimenezo mumamva munthu amene akanatha kumeza nyimbo yonse, koma akuzungulira mau a mnzake mosamala ngati madzi ozungulira mwala. Anamwalira mu 1968 ali ndi zaka 37. Mu 2008 dzina lake linalowa mu Rock and Roll Hall of Fame, ndipo analilemba m'gulu la oimba othandizira.

Malo amene anasiya m'bandi ya Muddy Waters anakhala ngati sukulu. Junior Wells anadutsamo, ndipo James Cotton anakhalamo zaka zoposa khumi asanayambe kutsogolera bandi yake. Onsewa anatchuka pambuyo pake, koma anayamba aphunzira kudikira.

Ku Joni ndi ku Walale

Nthawi yomweyo, kuno kumwera kwa Africa kunali msamuko wina. Msonkho wa atsamunda unkafuna ndalama, ndipo ndalama zinali kumigodi ndi kumafamu a azungu. Amuna a m'dera la Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, pamodzi ndi a ku Nyasaland, ankapita ku Southern Rhodesia, kumene makolo athu ankati ku Walale, ndiponso ku Joni. Kwa anthu a ku Chadiza, kufupi ndi malire a Mozambique, njira yachidule inali yodutsa m'dziko la Apwitikizi n'kuoloka Zambezi. Ena anatchona. Amene anabwerera anabwera ndi mabulangete, njinga, magalamafoni, magitala ndi nyimbo zatsopano m'mutu.

Ku Johannesburg, mbale ndi mafilimu a ku America anali atafika kale m'makomboni. Anyamata a ku Alexandra ndi ku Sophiatown ankamva mabandi akuluakulu a jazi ndi swing, koma ndalama ya saksofoni analibe. Anatola chitoliro chachitsulo cha mabowo 6, chimene ambiri ankachiyesa chidole cha ana, ndipo zina mwa zitolirozi zinkapangidwa ndi kampani yomwe ija ya Hohner. Zimene anachita nacho zikufanana ndi zimene anzawo a ku Mississippi anachita ndi hamonika. M'malo mochigwira ndi milomo yokha, anachilowetsa m'kamwa mopendeketsa, ndipo liu linanenepa n'kuyamba kupindika.

Mu 1951 filimu yotchedwa The Magic Garden, yojambulidwa ku Alexandra, inaonetsa Willard Cele akuliza chitoliro chotere, ndipo ana ambiri anatengera. Spokes Mashiyane anajambula "Ace Blues" mu 1954, mbale imene inagulidwa kwambiri. Mu 1958 nyimbo ya "Tom Hark" ya gulu la Elias and His Zig Zag Jive Flutes inafika pa nambala 2 ku Britain. Dzina lakuti kwela n'losavuta kwa ife kulimva, chifukwa ndi liu lomwelo lakuti kukwera. Ku Joni galimoto ya apolisi yonyamula anthu ogwidwa m'misewu inkatchedwa kwela-kwela, ndipo anyamata oimba m'makona a misewu ankaidziwa bwino.

Bandi ya kwela inali yaing'ono. Chitoliro chimodzi chinkatsogolera, zina zikuyankha ndi kachidutswa kobwerezabwereza. Pansi pake panali gitala yozungulira pa makodi atatu, besi ya chingwe chimodzi yomangidwa pa bokosi la tiyi, ndi maseche. Woliza gitala ankabwereza mkombero womwewo kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osasintha, kuti mnzake wachitoliro akhale ndi poponda pamene akuuluka. Nyimbo zimenezi zinafika kumidzi kudzera mwa obwerera kwawo komanso pa wailesi. Ku Lusaka kunali nyumba youlutsira mau ya Central African Broadcasting Station, imene inkamveka m'maiko onse atatu ndipo inkaulutsanso m'Chinyanja, ndipo kuyambira mu 1949 wailesi yotsika mtengo yotchedwa Saucepan Special inalowa m'nyumba zambiri za anthu akuda.

Anyamata a ku Chileka

Mwa mabanja a ku Nyasaland amene ankakhala ku Salisbury kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 munali banja la a James Kachamba, amene nawonso ankaliza gitala. Ana awo awiri, Daniel wobadwa mu 1947 ndi mng'ono wake Donald, anakulira pakati pa nyimbo za kwela. Banjali litabwerera kwawo kumudzi wa Singano ku Chileka, pafupi ndi Blantyre, anyamatawa anapanga bandi. Daniel, ngakhale anali wamkulu ndiponso mtsogoleri, ankagwira gitala, ndipo chitoliro chotsogolera chinali m'manja mwa Donald, amene anali akadali mwana. Anzawo ankathandiza ndi besi ya chingwe chimodzi, imene ku Malawi amati babatoni, ndi maseche.

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anawapeza akuimba mumzinda wa Blantyre, ndipo anajambula nyimbo zawo ndi filimu. Buku lake lonena za bandi ya abale awiriwa linatuluka m'Chingerezi mu 1974 kudzera ku Institute for African Studies ya University of Zambia ku Lusaka. Pofika nthawiyo kwela inali itazilala ku South Africa, kumene saksofoni ndi magitala amagetsi a mbaqanga anali atatenga malo. Ku Chileka inapitirira, ikuimbidwa m'Chichewa.

Zimene zinachitika pambuyo pake n'zimene zikukhudza nkhani yathu kwambiri. Kubik sanakhutire ndi kulemba chabe. Analowa m'bandi ya a Donald Kachamba, n'kumaliza klarineti ndi gitala, ndipo anayenda nawo m'maiko ambiri. Munthu wa madigiri a ku Ulaya anaima kumbuyo kwa mnyamata wa kumudzi, akudikira mpata wake, chifukwa pabwalo limenelo mwini nyimbo anali Donald. M'bandi yomweyo munalowa a Moya Aliya Malamusi, amene anayamba ndi babatoni ali wachinyamata, ndipo pambuyo pake anakhala dokotala wa maphunziro a chikhalidwe ndi wofufuza nyimbo za makolo. A Daniel Kachamba anamwalira mu 1987. A Donald anakaphunzitsa ophunzira a pa yunivesite ya UCLA ku Los Angeles mu 1999, ndipo anamwalira mu January 2001. Bandi yawo sinafe nawo. Amene ankaimba kumbuyo kwawo ndiwo anaipitiriza, pansi pa dzina la Donald Kachamba's Kwela Heritage Jazz Band, chifukwa nyimbo zonse zinali m'manja ndi m'makutu mwawo.

Zimene bwalo linkadziwa kale

Pano tiyenera kusamala ndi kunyada kopanda umboni. Kubik yemweyo, m'buku lake la 1999 lotchedwa Africa and the Blues, anasonyeza kuti mizu yambiri ya blues ili m'madera ouma a kumadzulo kwa Africa, kutali ndi kwathu kuno. Choncho blues sinachokere ku Chadiza. Koma lamulo limene woliza hamonika wa ku Chicago ankaliphunzira movutikira, mwana wa ku Zemba amakula akulimva.

Taganizirani za chimtali kapena chitelele. Mai mmodzi amaponya nyimbo, anzake amavomera. Wovomera salowa mnzake asanamalize, ndipo sachedwa mpaka nyimbo kuzizira. Taganiziraninso za ng'oma za Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 monga chuma cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Mbalule ndiyo imalankhula, ikutsata mapazi a chilombo pabwalo. Ng'oma zina, monga mpanje, zimagwira kayendedwe kamodzi osasuntha. Woimba mpanje akatengeka mtima n'kufuna kuonetsa luso lake, mbalule imasowa poima ndipo gule amasokonezeka. Aliyense amene anafikapo ku Kulamba ku Mkaika, m'boma la Katete, anaona kuti maso a khamu amakhala pa wovina, pamene mphamvu yonse ikuchokera kwa anthu amene palibe akuwayang'ana. Akuluakulu anati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika, ndipo mwambiwu ukanamveka bwino lomwe pa Maxwell Street.

Ngakhale nyimbo imene Zambia imadziwika nayo ikuchitira umboni. Kalindula inatenga dzina lake ku besi yopangira pamanja ya ku Luapula, chida cha kumbuyo chofanana ndi babatoni. Mtundu wonse wa nyimbo unatchedwa ndi dzina la wothandizira.

Chimene chili pangozi

Lero mnyamata wa ku Kapata kapena ku Mchini ku Chipata, ngakhale wa ku Chawama ndi Kanyama ku Lusaka, akafuna kujambula nyimbo amapita ku situdiyo ya chipinda chimodzi. Kumeneko kuli kompyuta ndi munthu mmodzi wopanga biti. Amalipira, amaimba pamwamba pa bitiyo, madzulo nyimbo ili kale pa WhatsApp. Zimenezi zatsegula khomo kwa achinyamata ambiri amene kale sakanalowa n'komwe m'situdiyo, ndipo palibe chifukwa chozinyozera. Koma biti ya pa kompyuta siikumvetsera. Ukachedwa siikudikira, ukalakwa siikuphimba, ndipo iwenso suphunzira kudikira kapena kuphimba wina. Woimba angathe kutulutsa nyimbo 20 asanaimepo n'kamodzi komwe kumbuyo kwa mnzake. Tsiku limene adzaitanidwe kukaimba ndi bandi yeniyeni, kusowa kumeneku kumaonekera poyera.

Mbiri imene taonayi ikusonyeza kuti sukulu ya luso limeneli sinafunepo ndalama zambiri. Ku Chicago inali m'mbali mwa msika. Ku Alexandra inali pakona ya msewu. Ku Chileka inali bokosi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Chimene chinkafunika ndi anthu atatu kapena anai okumana kawirikawiri pamalo amodzi, ndi malamulo ochepa amene sanalembedwe paliponse koma aliyense ankawadziwa. Funsa kiyi nyimbo isanayambe. Woimba akatsegula pakamwa, iwe tsika. Yankha mu mpata, ndipo yankho lako likhale lalifupi kuposa funso. Ukapatsidwa nthawi yako yoonetsa luso, itenge ndi mtima wonse, ikatha ubweze. Nyimbo imene sukuidziwa, imvetsere ndime yathunthu usanalowe.

Malo otere akadalipo m'makomboni mwathu: kwaya ikamaliza kuyeserera ndipo kiyibodi ikadali yoyaka, kalabu ya nyimbo kusukulu, khonde la mnzanu amene ali ndi gitala. Ngati mwagula hamonika kapena chida china chilichonse, pitani nacho kumeneko, ndipo mwezi woyamba mupemphe malo a kumbuyo. Little Walter, James Cotton ndi a Moya Malamusi anayambira pomwepo.